Chivomezi Chopepuka Chimene Chinatulutsa Mipando Yanga Panja

Ana inu, ikani kaye mafoni anuwo chafufumimba patebulopo. Sathawa. Iwe Tadala, sendera kuno, chifukwa nkhaniyi yayambira pa iwe.

Lamulungu lapitali unaona ngati ndapenga. Agogo ako aamuna anapita kukagula mkaka, anakhalitsa, iwe n'kulowa kukhitchini n'kundiuza kuti, "Gogo, Grandpa is late." Ndinagwetsa chivindikiro, ndinakukalipira, ndipo ndamva kuti unakauza bambo ako kuti agogo ayamba kusokonekera mutu. Mutu wanga uli bwinobwino. Kuno liwu limenelo limanena za wotchi, kuti munthu wachedwa. Kwathu ku Malawi, munthu akanena m'Chingerezi kuti uje is late, sakunena za wotchi ayi, akunena kuti ujeyo ndi malemu. Liwu limeneli linandikhalitsa pansi masiku atatu ndili ndi mimba ya bambo anu, ndipo mpaka lero sindifuna kulimva.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Hyattsville, m'kanyumba kam'mwamba, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Sitima yanu imene mumakwera popita ku Greenbelt kunalibe, tinkadikira basi pamphepo mpaka makutu kuuma. Ine ndinali nditangosiya ntchito yauphunzitsi ku Ntcheu n'kutsatira mwamuna, ndipo ndinkadziona ngati katswiri wa Chingerezi. Ndinkachiphunzitsa sitandade sikisi, ndiye ndani akanandiuza kanthu? Agogo anu, a Chisale, ankaphunzira za miyala pa yunivesite ina pafupi pomwepa. Abale anga ankaseka kuti munthu angawoloke nyanja kukaphunzira miyala, chonsecho ku Ntcheu miyala ndi imene imatikaniza kulima. Koma si miyala wamba imene ankaitsata. Iwo mtima wawo unali pa zivomezi, ndipo masiku ena ankagwira ntchito ku ofesi ya anthu ofufuza cha ku Greenbelt, kumene kunkafika malipoti a kugwedezeka kwa nthaka ochokera m'mayiko ambiri.

Ine zivomezi ndinakula nazo. Kwathu kumunsi kwa mapiri nthaka imanjenjemera mwa apo ndi apo. Mayi anga akamva mbale zikulira zokha pathandala, ankasiya chimene akuchita n'kuyankha mokweza kuti, "Eee, tamva." Ankati chinthu chimenechi sachiyang'ana duu, amachivomera, n'chifukwa chake ena amachitcha chivomerezi. Akatha kuyankhako ankatiuza motsitsa mawu kuti kwinakwake munthu wamkulu wamwalira. Ndinapita kusukulu, ndinavala nsapato, ndinakwera ndege, koma mawu a mayi angawo ndinabwera nawo kuno osadziwa kuti ndawanyamula.

A Chisale zimenezi ankaziseka. Tsiku lina anaika beseni la madzi patebulo n'kumenya mwendo wa tebulo ndi chala chaphazi. Madzi ananjenjemera pang'ono. Anamenyanso ndi chidendene, madzi n'kukhavukira pansi, ndipo wokolopa ndinali ine. Ndiye anandionetsa kapepala kakatali kokhala ndi mzere wokhotakhota, ngati kamene amatulutsa kuchipatala akamayeza mtima. Anati pali makina okhala ndi singano imene imalemba nthaka ikagwedezeka, ndipo chivomezi chilichonse amachipatsa nambala. Cha nambala thuu amachimva ndi makina okha. Cha nambala folo azungu amachitcha light, ndiye kuti chopepuka: makapu amalira, nyale yolendewera imayenda uku ndi uku, munthu umachimva ndithu, koma nyumba yomangidwa bwino siigwa. Kuyambira faifi makoma amayamba kung'aluka. Za seveni anati ndisafunse. Anatinso nambala ikakwera ndi imodzi yokha, mzere wa papepalapo umakula kakhumi, choncho folo ndi sikisi si apachibale monga mmene zimamvekera.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga zing'onozing'onozo zimakhala zikuchenjeza kuti chachikulu chikubwera?"

"Nthawi zina chimabwera, nthawi zambiri sichibwera," iwo anatero. "Amene angakuuze tsiku lake ndi wabodza."

Akanalekera pomwepo zikanakhala bwino. Koma agogo anu, mukuwadziwa, akayamba kuphunzitsa sadziwa polekera. Anawonjezera kuti, "Chopepuka sichigwetsa nyumba, komatu chikakupeza paphiri lonyowa ndi mvula, mwala umodzi wokha ukhoza kukukwanira." Ananena akutafuna mtedza, n'kuiwala. Ine sindinaiwale.

Pali munthu winanso woti mumudziwe. Anali mnzawo wa kuntchito, mzungu wa ku Australia, wandevu mpaka pachifuwa, ndipo ife tinkangomutcha a Ndevu. Tsiku limene tinawaitana kudzadya nkhuku anafika mpunga utazizira, n'kuima pakhomo akupepesa kuti achedwa. Koma pakamwa pawo liwu lakuti late linatuluka ngati light. Ndinawayang'ana thupi lonse lija, chimunthu chodzadza chitseko, n'kudabwa kuti akuti ndi opepuka pati. A Chisale anandilongosolera kukhitchini kuti anthu a kwawoko amatchula choncho. Tinaseka mlungu wathunthu, ndipo ine mphunzitsi ndinasunga phunzirolo mumtima: a Ndevu akati light, ndiye kuti late.

Mimba ya bambo anu itakwana miyezi isanu ndi umodzi, a Chisale ndi a Ndevu anatumidwa ku zilumba za m'nyanja ya Pacific, kuja kufupi ndi Australia, kukaika makina awo kwa masabata asanu ndi limodzi. Ndinakwiya. Ndinawauza kuti miyalayo ikawaberekere ana. Anapitabe, ndipo anandilembera makalata awiri, aja abuluu opyapyala amene unkalemba n'kupinda lokha kukhala envelopu. Inu simunawaonepo. Unkalemba tizilembo tating'ono mpaka m'mphepete, ndipo potsegula ukalakwitsa unkadula pakati pa nkhani. M'makalatamo anati kuzilumbako nthaka imanjenjemera pafupipafupi moti anthu sasiya n'komwe zimene akuchita. Amayi amapitiriza kupala kokonati, ana amapitiriza mpira. Anthuwo ali ndi muyeso wawo wopanda makina: chikagwedeza pang'ono n'kusiya, amangoyang'anana. Chikagwedeza nthawi yaitali moti munthu n'kulephera kuima, amasiya zonse n'kuthawira kumtunda, chifukwa nyanja ikhoza kubwera. Anati makina otsiriza akawaika paphiri la kachilumba kena kopanda foni, kumene kandege kamatera kawiri pamlungu, ndipo akafika kunyumba Lachisanu.

Foni inalira Lachinayi cha m'ma faifi koloko madzulo, kunja kutayamba kale kuchita mdima monga kumachitira nyengo yozizira. Foni ya masiku amenewo inali yolemera ngati mwala wophikira, ya chingwe chachitali, yozunguza ndi chala. Kuimba kuchokera kutsidya kwa nyanja kunali ngati kulankhula ndi munthu amene ali pansi pa chitsime: mawu ako ankakubwerera, ake ankafika mochedwa, ndipo pakati ponse pankangomveka phokoso ngati mvula pamalata. Ndinazindikira kuti ndi a Ndevu. Analankhula zambiri, koma zimene zinandifika zinali zidutswa zinayi zokha. Ndinamva earthquake. Ndinamva your husband. Ndinamva sorry. Ndipo ndinamva liwu lija. Ndinakuwa kuti abwereze, foni n'kuduka.

Ndinaima ndi foni m'manja, mutu n'kuwerengera wokha. Chivomezi chachitika. A Ndevu apepesa. A Ndevu akati light ndiye kuti late, ndipo late ndi malemu. Pamwamba pa zonsezo ndinamva mayi anga akunena motsitsa kuti munthu wamkulu wamwalira. Sindinalire. Ndinangotuluka osavala nsapato n'kukagogoda khomo loyang'anana ndi lathu.

Mmenemo munkakhala amake Chanda, namwino wa ku Lusaka, mayi wamfupi wolankhula mwachangu, amene ankandiperekeza kusikelo pa galimoto yake yakale. Atatsegula ndinangoti, "A Chisale amwalira."

"Imwe, mukamba chani? Wakuuzani ni ndani?"

"Foni. Chivomezi."

Anandikhazika pansi, anandifunda bulangete, n'kuimbira a Kamwendo. Mukumbukire bwino pamenepa, ana inu, chifukwa pambuyo pake ndinkafuna kuloza ena chala. Amene anayamba kutchula imfa ndinali ine, ndi pakamwa panga.

A Kamwendo anali mkulu wathu Amalawi a kuno. Ankagwira ntchito kubanki ina yaikulu mumzinda, ankakhala ku Takoma Park, ndipo ukwati, ubatizo kapena mkangano, zonse zinkathera kwa iwo. Anali atatumizapo kale mitembo iwiri kumudzi, ndiye njira zake ankazidziwa. Sanali munthu woipa, ngakhale kuti pa masiku atatu amenewo ndinadana nawo ndi mtima wanga wonse. Anafika madzulo omwewo ndi akazi awo, anandipepesa, n'kuyamba kuimbira anthu.

Kutacha Lachisanu ndinauza amake Chanda kuti anditengere ku ofesi ya ku Greenbelt. Ndinkafuna kudziwa kumene kuli thupi, basi. Tinapeza bambo wina wa imvi, wa magalasi okhuthala, amene ankawadziwa a Chisale. Nditamuuza, nkhope yake inasintha, n'kupita kukatenga pepala lalitali la malipoti. Anatsetsereka ndi chala mpaka anaima. Anati inde, kuzilumbako kwachitika chivomezi, nambala yake folo ndi kachidutswa. Kenaka ananena m'Chingerezi cha kuno, momveka bwino, kuti chimenecho ndi light.

Ndinamupempha kuti abwereze. Anabwereza. Ndinaona beseni la madzi lija patebulo, ndinaona makapu akulira koma osagwa. Mwina a Ndevu sankanena za mwamuna wanga, ankanena za chivomezicho. Mwina tsiku limenelo light wawo anali light weniweni.

Ndinamufunsa bamboyo ngati chivomezi chotere chimapha. Anati kawirikawiri ayi. Ndikanatha kunyamuka ndi yankho limenelo, koma ndine mkazi wa a Chisale, ndinafunsanso kuti, "Nanga munthu akakhala paphiri?" Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anati sandinamiza, makina otsiriza ankayenera kuikidwa paphiri, ndipo kumeneko ndi nyengo ya mvula. Anatumiza uthenga pa makina a teleksi ife tikuona, koma anati kuzilumbako kwada kale, kukacha ndi Loweruka, ndipo maofesi satsegula mpaka Lolemba. A Ndevu anali atakwera ndege ya kwawo, foni ya kunyumba kwawo inkangolira osayankhidwa. Ndinatuluka mu ofesimo ndili ndi nambala folo kudzanja limodzi ndi mwala wa paphiri kudzanja linalo.

Pofika kunyumba ndinapeza sofa yanga ili pakhonde la masitepe, mipando atasanjikiza pamwamba pake, tebulo la beseni lija litagonekedwa cham'mbali. Mukudziwa, kwathu pakagwa maliro katundu wa pabalaza amatuluka kuti amayi akhale pansi, abambo amakhala panja. Kuno kunja kunali kozizira koopsa, ndiye abambo anadzaza pamasitepe atavala majasi, wina pamwamba pa mnzake. M'nyumba munali amayi okwana khumi ndi awiri, zitenje pamwamba pa mathalauzi a ubweya. Ndipo onse anali chete, akundidikira. Maliro sayamba kuliridwa ndi alendo. Mwini wake ndiye amayamba, enawo n'kuvomera.

Ndinapempha a Kamwendo kuti tilankhule kukhitchini. Ndinawauza za nambala, za pakamwa pa a Ndevu, za mawu awiri ofanana. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja ali kumbuyo.

"Mayi Chisale," anatero, "mzunguyo anapepesa kapena sanapepese?"

"Anapepesa."

"Munthu angaimbe foni kuchokera kutsidya kwa nyanja kudzapepesa chifukwa makapu alira?"

"Mwina amapepesa kuti achedwa."

"Lero ndi Lachisanu, tsiku limene amayenera kufika. Akanakhala moyo, bwenzi ataimba okha." Anatsitsa mawu. "Ndaonapo zimenezi, mayi. Mtima umakana. Koma munamva ndi makutu anu. Vomerani, kuti anzanuwa akuthandizeni kulira, ifenso tidziwitse kumudzi."

Kumudzi kunali apongozi anga, mayi awo a Chisale, mayi wamasiye amene anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekhayo, ndipo mtima wawo unali wodwaladwala. Telegalamu ikafika papositi ofesi, munthu ankapalasa njinga kukaipereka, ndipo ikawerengedwa pabwalo panalibenso woibweza. Yachiwiri yotsutsa ikanafika atameta kale, kapena atawaika iwowo m'manda. Ndinawauza a Kamwendo kuti, "Dikirani."

Anati sangadikire mpaka kalekale. Amalawi onse a kuno amva, a ku New York amva, ndipo pali munthu amene akukwera ndege ya kumudzi Lolemba. "Mayi aja akamva kwa anthu apamsewu, ife tidzaonetsa nkhope yanji? Ndikupatsani mpaka Lamulungu, fili koloko, tikaweruka kutchalitchi." Anatulutsa kapepala m'thumba la jekete n'kundionetsa. Anali atalemba kale, m'zilembo zikuluzikulu, dzina la mwamuna wanga ndi liwu lakuti wamwalira.

Loweruka linali tsiku lalitali kuposa onse amene ndakhalapo ndi moyo. Ndinakhala pamphasa yobwereka, msana kukhoma, maso ouma gwa. Amayi ankaimba nyimbo za m'buku motsitsa, mmodzi kutsogolera, ena kuvomera, n'kumandiyang'ana m'mbali. Ndinamva wina akunong'ona kuti mkazi wouma mtima chonchi sanamuonepo. Wina anati mwina ndi mimbayo. Tiyi ankangowira, buledi ankangobwera. Mzungu woyang'anira nyumbazo anakwera kudzadandaula kuti mipando yatseka njira, amake Chanda n'kumutsitsa ndi Chingerezi cha kuchipatala mpaka anapepesa yekha. Foni sinapume tsiku lonse. A Kamwendo ankaimbira maofesi otseka, ena ankaimbira abale awo ku Baltimore, ena ankalongosolera anzawo njira. Ndinawauza kawiri kuti aisiye foniyo, mwina wina akufuna kutipeza. Anandiyang'ana mwachisoni n'kupitiriza kuzunguza.

Musaganize kuti ndinali wolimba mtima. Ndinkaopa kwambiri. Ndinkati ndikalowa kubafa, malo okhawo amene ndinkakhala ndekha, ndinkatulutsa kapepala ka mzere wokhotakhota kaja, kamene ndinakabisa m'kamisolo, n'kumakayang'ana ngati kandiuza kanthu. Theka la mtima wanga linkakhulupirira a Kamwendo. Ndinkawaona a Chisale atagona m'matope, magalasi ali poteropo. Ndinkawakwiyira chifukwa cha miyala yawoyo, ndinkadzikwiyira chifukwa cha mawu amene ndinawauza ponyamuka. Kulira kunali pakhosi penipeni, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangokutulutsa, kapepala ka a Kamwendo kanyamuka. Bambo anu ankandimenya m'mimba, ine n'kumawapatsa manambala ngati zivomezi: aka n'ka thuu, aka n'ka folo. Ndinkadziuza kuti folo sagwetsa nyumba.

Amake Chanda anandipeza mmenemo madzulo. Anatseka chitseko n'kukhala pamphepete pa bafa.

"Manje imwe, niuzeni zoona. Mukhulupilila kuti ba Chisale bali moyo?"

"Sindikudziwa."

"Ngati simuziba, musalile. Ku chipatala sitimavala munthu nsalu kumaso tikalibe kumugwila pa mkono. Lekani bakambe."

Lamulungu anthu anabwera ochuluka kuposa masiku enawo, ochokera kutchalitchi, atavala zakuda. Ine maso anali pa wotchi ya pakhoma, chinthu chokhacho chimene sanatulutse. Itatsala pang'ono kukwana fili koloko, ndinakoka foni ndi chingwe chake, ndinaiika pamiyendo n'kuifunditsa chitenje. Telegalamu ankatha kuitumiza poimba foni, ndipo ndinatsimikiza kuti pa foni yanga siidutsa. A Kamwendo analowa, anagwada pafupi nane monga mwa ulemu, n'kutambasula dzanja.

"Nthawi yakwana, mayi."

"Dikirani mpaka mawa. Mawa maofesi atsegula."

"Mawa munthu uja akukwera ndege."

"Dikirani, a Kamwendo. Mukawapha mayi aja ndi pepala lanulo."

Nyimbo inaima. Mkazi wamng'ono ngati ine sankalankhula choncho kwa a Kamwendo. Iwo anaimirira pang'onopang'ono, anakonza jekete, n'kunena mosakweza mawu kuti akatumizira pa foni ya kunyumba kwawo ku Takoma Park, ndipo tsiku lina ndidzawathokoza. Anatuluka. Amayi anayambanso kuimba kuti aphimbe manyazi. Ndinamva nsapato zawo zikutsika masitepe, imodzi, ziwiri, zitatu, ndipo ndinadziwa kuti ndagonja.

Kenaka nsapatozo zinaima. Pamasitepe, pamene abambo ankangolankhula za mpira masiku onsewo, panangoti zii. Mpando unagwa. Wina anathamanga kukwera m'mwamba, kudutsa khomo lathu osaima. Ndiye ndinamva mawu ochokera pansi, otsika, osasa, koma ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika.

"A Kamwendo, musandibisire. Ndi mayi, kapena mwana, kapena onse?"

Ana inu, kulira kumene ndinakumeza masiku atatu kunatuluka konse nthawi imodzi. Sindinakutume, kunangotuluka, kukuwa kwenikweni kwa kumudzi. Amayi aja, amene sanamve kanthu chifukwa cha nyimbo, anaganiza kuti tsopano ndavomera, ndipo anandilandira onse pamodzi. Nyumba yonse inalira maliro. Ndinkayesa kuwauza kuti ayi, ayi, koma pamaliro aliyense amati ayi. Ndinkayesa kudzuka, mimba ikundikaniza, chingwe cha foni chitandikola mwendo, amayi awiri akundigwira mapewa kuti ndisadzipweteke. Amake Chanda ndi amene anaona nkhope yanga. Anawakankha amayiwo n'kundidzutsa.

Tsono taganizani za agogo anu. Munthu wayenda masiku awiri, ndege zinayi. Waimba foni katatu pabwalo la ndege ku Los Angeles, katatu konse foni ili yotanganidwa. Watsika takisi, waona magalimoto a Amalawi atadzaza pabwalo. Walowa, wapeza abambo pamasitepe atavala zakuda, sofa yake ili panja, nyimbo ikumveka m'nyumba mwake, ndipo anasiya mkazi wodwala pakati. Wafunsa funso lake, anthu akungobwerera m'mbuyo maso ali tong'o, palibe womuyankha. Kenaka m'nyumba mwabuka kulira.

Nditafika pakhomo ndinawaona pansi pa masitepe. Munthu amene anakhala masabata asanu ndi limodzi pa nthaka yonjenjemera osaopa anali atakhala pansi, sutikesi itagwera uko, manja ali kumutu, miyendo ikugwedezeka yokha. A Kamwendo anali ataima pakati pa masitepe, kapepala kali m'manja, pakamwa pali yasa. Ndinaitana kuti, "A Chisale." Anadzutsa mutu. Anandiyang'ana nkhope, anayang'ana mimba, anandiyang'ananso nkhope.

"Nanga wamwalira ndani?"

"Inuyo," ndinatero.

Zimene a Ndevu ananena pafoni tinazimva bwino patapita mlungu. Iwo sanakwere nawo phirilo, ndiye kandege sikanawasiye. Anati kwachitika chivomezi chopepuka, matope atsekereza kanjira ka kuphiri, mwamuna wanu waphonya kandege, pepani, achedwa masiku awiri. Mawu onse awiri anali momwemo, light ndi late, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti limene linandifika ndi liti. A Chisale akuti chivomezicho chinawapeza akumwa tiyi paphiripo, ndipo tiyiyo sanatayike n'komwe. Anthu a pachilumbacho anangoyang'anana n'kukatenga makasu okonzera njira.

Abambo aja anabweza mipando yanga mwakachetechete, aliyense pamalo olakwika. A Kamwendo asanachoke anabwera pamene ndinakhala, anagwadanso, n'kuika kapepala kaja m'dzanja langa. Apongozi anga anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi, anamunyamula mdzukulu wawo, ndipo anamwalira osadziwa kuti mwana wawo analiridwapo maliro ku Hyattsville. Mwanayo atabadwa, a Kamwendo omwewo ndi amene anapempha kuti amutche dzina. Inu mumamva anzawo a kuntchito akuwaitana bambo anu kuti DK, ndipo mwina simunafunsepo kuti Dikirani anachokera kuti.

Kapepalako kali m'Baibulo langa, Tadala, ukafuna ukakaone. Zimene kakunena tsiku lina zidzakhala zoona, ndikudziwa, tonse awiri takalamba. Koma agogo akowo ndi awo akutsokomola pabalazapo, akunamizira kuwerenga nyuzipepala chonsecho akumvetsera. Akadzapitanso kukagula mkaka n'kukhalitsa, udzabwere udzandiuze m'Chichewa kuti achedwa, ndipo ine ndidzadikira.